Mpeni Umene Unasowa pa Maliro Anu

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno ku Domasi tadzuka ndithu. Mphepo ya Juni yayamba kutsika m'phiri, ana akubwera kusukulu milomo ili mbuu. Koma ine mtima uli m'malere. Ndaweruka, makope a ana ali patebulo osachonga, ndakhala, ndanyamuka, ndasesa khonde losesa kale, mpaka bambo a Grace andifunsa ngati pampando pali linthumbu. Ndiye ndati bola ndikulembereni, mwina dzanja likatanganidwa miyendo ipumako.

Chiyambire m'mawa ndikungoona tsiku lija Ababa anabwera kuchokera ku Halale. Ine ndinali wamng'ono, mano akutsogolo atachoka. Anamasula katundu pamphasa anthu atazungulira: bulangete, nsapato za amalume, nsalu yanu ya maluwa ofiira. Inu nsaluyo munangoiponyera diso, n'kutola kanthu kokulungidwa m'nyuzipepala. Unali mpeni. Munaugwira ndi zala ziwiri pafupi ndi khutu, n'kuukhoma ndi chikhadabo, mutatsinzina. Ababa anati, "Anambewe, nsalutu iyi ndavutika nayo ulendo wonse." Inu munati, "Ndaiona. Koma nsalu idula dzungu?" Anthu anaseka, Ababa nawonso anaseka mwamanyazi. Alendo asanabalalike munali mutagwada kale pamwala uja wa kuseri kwa khitchini. Achemwali a Esinati anakhala kumanja kwanu kuyang'ana mmene mukugonekera chitsulo, ine kumanzere ndi chikho cha madzi. "Edina, dontheza, usakhuthule," munatero. Nditayamba kufunsa mafunso anga aja munandidula: "Ponola sitilankhula. Ukalankhula sumva pamene wathwa."

Ndikuuzeni kaye za kuno. Mpunga chaka chino wachita bwino kusikimu, kungoti mbalame zinatisautsa. Chimanga ndiye chaperewera, mvula inadula ngaiyaye zitangoyamba. Grace anasankhidwa kupita kusekondale, watalika kundiposa, ndipo amayenda ngati inu, mofulumira, mutu uli patsogolo. Amalume maso ayamba kuvuta koma njinga sakuisiya, mwezi watha anakagwera m'munda wa mbatata wa eni ake n'kudzuka akukalipira mbatatazo. Kumsika wa ku Songani kwachuluka anthu othawa nkhondo ku Mozambiki, akugulitsa tizinthu tawo motchipa, mbale, mapoto, ngakhale zitseko. Ndikawaona ndimati mukanakhalapo mukanabwera nawo ena kunyumba, ife n'kugona kukhitchini.

Lusiya, mwana woyamba wa achemwali, anabereka mwana wamkazi. Anamutcha Elube, dzina lanu. Chipumi ndi chanu, ndipo akakwiya amatsinzina diso limodzi monga munkachitira. Koma ndisakubisireni, mwanayo ndinakamuonera kusikelo, pamzere, ngati munthu wongodutsa. Kumudzi sindinapondeko chichokere pa maliro anu, ndipo takolola katatu tsopano. Belu la tchalitchi timamva limodzi, ine ndi achemwali, koma iwo amakhala benchi la kutsogolo, ine la kukhomo. Manda anu mpaka lero alibe chiliza, chifukwa anthu oti akhale pansi n'kugwirizana ndife awirife.

Zonsezi ndi mpeni uja, Amayi.

Inu simunaone, munali mutagona m'nyumba amayi a kumpingo akukuimbirani. Kunja kunali anthu osaneneka. Mukudziwa mmene timachitira kuno, mayi aliyense popita kumaliro amakulunga mpeni wake m'nsalu, poti nyumba imodzi singakhale ndi mipeni yokwanira kabichi ndi nkhuku za khamu lonse. Achemwali anatulutsa wanu kuti atumbulire nkhuku. Pochokera kumanda kunagwa chimvula, mipeni yonse inali itaponyedwa m'beseni limodzi la madzi, ndipo aliyense anangovuula wake n'kuthamanga. M'mawa mwake posesa, m'besenimo munatsala mpeni umodzi. Sunali wanu. Chigwiriro chinali chamtengo ngati cha wanu, koma nsonga yothyoka, ndipo unali wobuntha woti ngakhale papaya wakupsa ukanangomufinya.

Achemwali anandiyang'ana pamaso pa amalume ndi akazi a m'mudzi. "Edina, sukulu anapatsa iwe. Nyumba ya malata ukugonamo ndiwe. Ine amene ndimawasambitsa ndi kuwatembenuza, ndimati nditsale ndi kampeni kokha. Nakonso watenga?" Ndinakhuthulira chikwama changa pansi, zovala ndi mabuku omwe. Iwo anangoti, "Wophunzira ngati iwe ungabise m'chikwama?" Ndinatola mpeni wothyoka uja, sindikudziwa chifukwa chake, n'kubwerera kunyumba za aphunzitsi.

Poyamba ndinkati nkhaniyi ndiithetsa ndi sitolo. Ndinakwera basi kupita ku Zomba n'kulowa sitolo iliyonse ya mipeni. Ndinachita zonse zimene munandiphunzitsa. Ndinayang'ana ngati chitsulo chikudutsa m'chigwiriro mpaka kumapeto, osati kungolowa pang'ono ngati mchira wa khoswe. Ndinagwedeza timisomali kuti ndimve ngati tikusewera. Ndinauika pachala kuti ndione mbali imene ukulemera. Yonyezimira ngati kalilole ndinaisiya, poti munkati imeneyo ndi ya pachithunzi, pamwala imangoterereka, bola chitsulo chotuwa chimene chimada chikakhudza tomato. Kenaka ndinayamba kuikhoma ndi chikhadabo umodziumodzi, khutu lili pafupi, mpaka wogulitsa anatopa nane. "Mayi, mukugula mpeni kapena wailesi?" Ndinapeza umodzi wolira bwino, mawu aatali osathera panjira. Ndinaupereka kwa amalume kuti akapereke kwa achemwali. Unabwerera tsiku lomwelo, pepala lake losamasula. Amalume anati, "Akuti sanapemphe mpeni. Akuti anapempha wa mayi awo."

Ndiye ndinatsala ndi mpeni wa munthu wosamudziwa. Ndinaganiza kuti mwini wakeyo ndi amene ali ndi wanu, ndipo mayi amene anabwera ndi mpeni kumaliro anu adzapitanso kumaliro ena. Basi, ndinayamba kuyenda. Kukamveka belu, ine nsalu m'chiuno, mpeni m'manja. Mauthenga a maliro pawailesi ndinkawamvera ngati ena amamvera mpira. Ndikafika kwa amayi ophika ndinkauika palichero, poonekera, nsonga yothyokayo itaonekera bwino, ndiye n'kumasadzula nkhwani ndi manja, maso ali pa nkhope za anthu. Maukwati ndinapita, zinkhoswe ndinapita, za anthu amene ngakhale maina awo sindinkawadziwa. A hedi anafika pondiitana mu ofesi. "Madamu, kodi abale anu satha? Mwezi uno wokha agogo mwaika angati?" Bambo a Grace ankangoti, "Mukapitiriza chonchi akupatsani khasu, muzikumba nawo." Ndinkaseka nawo, koma belu likalira miyendo inkanyamuka yokha.

Mpeni wa mwiniwo sindikanatha kuuyendetsa uli wobuntha, ukanandichititsa manyazi pamaso panu. Ndinatsikira kumtsinje wa Domasi kukafuna mwala wosalala, wa mchenga wosamveka m'chala. Sunafanane ndi wanu, poti wanuwo unali utakumbika kale pakati ndi dzanja lanu, koma unathandiza. Loweruka lililonse ndinkaunola monga munkachitira: kugoneka chitsulo pang'ono ngati ndikufuna kusenda mwalawo, kukankha, kubweza, kutembenuza, madzi akudontha. Ndikatha ndinkauyesa pachikhadabo, ukaluma osaterereka ndiye kuti wafika. Sindinaunolepo pasitepe ya simenti ngati anzanga a pamzere pathu, amene mipeni yawo ili ndi mano ngati sowo. Sindinadulirepo fupa kapena nzimbe, za zimenezo chikwanje chilipo. Ndikatha ntchito ndinkautsuka nthawi yomweyo, kuupukuta, kupakako kadontho ka mafuta ophikira. Grace akauiwala m'beseni ndinkamva mawu anu akutuluka pakamwa panga: "Chotsa m'madzimo, si nsomba imeneyo." Ndinafika poukonda, Amayi, mpeni wa eni.

Koma palibe anautola palichero paja n'kunena kuti ndi wake.

Mwezi wa Epulo mphunzitsi mnzanga anatiitana kusadaka ya bambo ake ku Naisi. Ndinapita chifukwa cha chinansi basi, ndipo mpeniwo ndinautenga mwa chizolowezi. Ndinali ndisanaganizepo zokaufunira kwa anzathu Achisilamu. M'mutu mwanga munali amayi a kumpingo okhaokha, ndinaiwala kuti theka la moyo wanu munalikhala pamsika wa ku Songani, mukugulitsa masamba pakati pa amayi a mipango yoyera aja, mukuseka nawo m'Chiyao. Ndinauika palichero n'kuyamba kusankha mpunga. Mayi wina wokalamba amene ankasenda anyezi analeka kusenda. Anayang'ana mpeniwo, anayang'ana ine, anayang'ananso mpeniwo. Kenaka anandikodola, tinapita kuseri kwa nkhokwe.

Anali Abiti Sumani, Amayi. Mnzanu uja wa tomato, amene munkasiyirana naye malonda wina akapita kokamwa madzi. Wakalamba, msana wapindika.

"Mwanangu, ndiwe wa Anambewe?"

Ndinavomera.

"Mpeni uwo ndi wanga. Nsongayo inathyoka ndikutsegula chitini cha mafuta." Anagwira pakamwa. "Wa mayi ako uli kwanga."

Akuti tsiku lija lole ya ku Naisi inkawasiya, ndiye anapisa dzanja m'beseni, anagwira chigwiriro chamtengo, n'kukulunga osayang'ana. Anazindikira m'mawa podula dzungu. "Unangolowa wokha, ine osakankha. Ndinati uwu si wanga, uwu ndimaudziwa."

"Nanga osangobweza bwanji, amayi?" ndinafunsa.

"Ndibweze bwanji? Nkhalamba ngati ine, wa chipembedzo china, ndifike pakhomo poti maliro aikidwa dzulo, n'kuti ndinatenga mpeni wa malemu? Akanati ndimafuna ndikapangire chiyani? Iwe sukuwadziwa anthu? Ndinati ndidikire misozi iume. Itauma ndinati tsopano afunsa kuti masiku onsewa unali kuti."

Tinapita kunyumba kwawo, sipatali. Anakwera pampando n'kusolola kansanza kutsindwi. Sanaugwiritsenso ntchito chichokere tsiku la dzungu lija, ankauopa. Ndipo denga lawo limadontha. Amayi, mpeni wanu uja, umene munkaupukuta ndi nsonga ya nsalu yanu musanasambe n'komwe m'manja, wofiira mbali zonse. Dzimbiri lokhalokha. Ndinauzindikira ndi kamtanda kaja Ababa anaotcha ndi msomali pachigwiriro, ndi kupyapyala kwake pakati, pamene mwala unadya. Ndinalira pamaso pa mayi wa eni.

"Tenga, pita nawo, undichotsere katundu," anatero.

Dzanja ndinalitambasula. Kenaka ndinalibweza. Ndinaona ndikulowa pabwalo la kwathu mpeni uli m'manja, ndipo ndinamva mawu a achemwali: si uyu, wautulutsa kumene anaubisa. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndikaupeza nkhani yatha. Sindinaganizepo kuti ukapezeka m'manja mwanga ndiye kuti ndine wakuba ndithu. Ndinawapempha Abiti kuti akaupereke okha, pamaso pa tonse awiri. Anakana kwamtuwagalu. "Achemwali ako aja pakamwa pawo ndimapadziwa. Anandithamangitsapo pamsika chifukwa cha malo oyala thumba. Ndipite ndikafe?"

Kuchokera tsiku limenelo sindinakhale pansi. Ku Naisi ndapitako mpaka makondakitala ayamba kundipatsa moni wa dzina. Ndinkapita ndi shuga, ankalandira shuga n'kukana ulendo. Ndinapita ndi amalume, anakambirana za matenda a maso mpaka dzuwa kupendeka, za mpeni ayi. Ulendo wina ndinatopa, ndinati basi, ndiwabwezere mpeni wawo, zanga zikhale momwemo. Anaulandira, anauyesa pachikhadabo, anatenga tomato wofewa n'kumudula. Tomato sanatuluke madzi. Anadulanso kachiwiri, kopyapyala koti n'kuonera dzuwa.

"Uwu wanoledwa ndi dzanja la Anambewe," anatero. "Iwe wanga wausamala chonchi, osandidziwa. Ine wa mnzanga ndauwoletsa kudenga." Anapukuta m'maso ndi mpango. "Kawauze achemwali ako. Akandilola ndibwera. Akandikalipira ndimva, makutu anayamba kale kugontha."

Kunatsala achemwali. Uthenga ndinaupereka kwa Lusiya kusikelo, mwana ali kumsana. Yankho loyamba linabwera lowawa: akuti ndagula nkhalamba ndi shuga kuti indinamizire. Usiku umenewo chakudya sichinalowe. Ndinati mwina Grace adzakwatiwa mayi ake aakulu palibe, mwina kamwana kaja kadzakula kakundiitana kuti Madamu. Koma sabata yatha Lusiya anabwera yekha kusukulu nthawi ya buleki, akupuma mothamanga.

"Amayi aang'ono, akuti ndikufunseni chinthu chimodzi. Akuti mpeniwo munauona ndi maso anu? Uli bwanji?"

Ndinachita manyazi kunena, koma ndinanena. "Ukawauze kuti wachita dzimbiri. Wofiira ponseponse, mwina sungabwererenso."

Dzulo Lusiya wabweranso. Akuti atamva mawu amenewo achemwali anasiya kupeta, anakhala pansi pakhonde. Kenaka anati, "Dzimbiri? Ndiye sunali kwa Edina. Edina ndi wamatama, sapepesa, amayenda ngati mudzi ukununkha. Koma mpeni sangaugoneke ndi madzi ngakhale usiku umodzi. Ameneyo anamulera ndi mayi anga." Lusiya ponena zimenezi ankaseka, ine ndinkaseka ndi misozi, ana a Sitandade 5 atadzaza pawindo.

Ndiye ndi Loweruka likubwerali, Amayi. Akuti tifike kumudzi m'mawa dzuwa lisanatenthe. Amalume akakatenga Abiti pa siteji ya ku Songani, ndawapempha kuti njinga aikankhe, asawakweze. Achemwali akuti alambula kale kuseri kwa khitchini, mwala wanu unali utakwiririka ndi udzu, ndipo autsuka. Anawonjezera kuti ndibwere ndi phulusa losefa ndi mandimu a pasukulu pano, poti a kumudzi sanabereke. Sanati pepani, ndipo sindikuyembekeza kuti adzatero. Inu mukuwadziwa.

Nkhawa sizinathe. Sindikudziwa ngati dzimbiri lija langokhala pamwamba kapena ladya mpaka m'kati. Mpeniwo unali utapyapyala kale, mwina tikayamba kuukhula uthyokera m'manja mwathu, ndiye tidzayang'anana bwanji? Sindikudziwa ngati achemwali adzaugwire mtima akaona Abiti, kapena ine ndidzaugwire akayamba za nyumba ya malata. Mayankho anga ndawakonza kambirimbiri, posamba, popita kusukulu, ngakhale pakati pa phunziro la masamu. Onse ndi akuthwa, ndipo ndikuwaopa.

Choncho ndikulonjezeni pano, poti kwa inu sindinganame. Mpeniwo ukatsala wamoyo sindidzautenga. Udzakhala kumudzi, kumene kuli mwala wake, ndipo tsiku lina Lusiya adzaonetsa kamwana kaja mmene amagonekera chitsulo. Za chiliza chanu tidzakamba tikasamba m'manja, mvula isanagwe chidzakhala chitaima. Ndipo Loweruka, achemwali akagwada pamwala paja, ine ndidzakhala kumanzere ndi chikho, kudontheza osakhuthula. Mayankho anga onse aja ndidzawasiya kuno pamodzi ndi makope. Munati ponola sitilankhula.

Gonani bwino, Amayi. Mupereke moni kwa Ababa, muwauze kuti nsalu ya maluwa ofiira ija ilipo, ndidzavala imeneyo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Edina